GOLIDE WA KU SASARE NDI MASAMU A MWAI

Kwa zaka zoposa 100 dzina la Sasare, dera limene liri kumpoto kwa boma la Petauke m'dziko la Ansenga, lakhala liri kuchulidwa pamodzi ndi golide. Azungu anatsegula mgodi kumeneko kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ngakhale kuti mgodi wao unaima kale, mbiri yake siinazime m'mitima ya anthu. Masiku ano mbiriyo yadzukanso cifukwa ca mtengo. M'mwezi wa August 2020 aunsi imodzi ya golide, ndiwo magalamu 31, inapyola madola a ku America 2,000 pa misika ya kunja. Mu March 2025 inapyola 3,000, ndipo mu October caka comweco inapyola 4,000. Mbiri yotere siicedwa kufika m'midzi. Anyamata a ku Petauke ndi ku Nyimba amanyamula piki, fosholo ndi beseni nalowera kumapiri, monga momwe anzao anathamangira ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga mu 2019 ndi ku Kikonge m'boma la Mufumbwe mu 2025.

Mukawafunsa cimene ali kudalira, yankho lao ndi limodzi: mwai. Pakati pathu liu limeneli limatseka nkhani, pakuti tinazolowera kunena kuti mwai suwerengeka. Ganizo langa pa tsamba lino ndi lakuti mwai umawerengeka ndithu, kuti ana athu a ku sekondale amaphunzira kawerengedwe kake m'phunziro la masamu, ndi kuti nzeru imeneyi iyenera kutuluka m'kalasi ndi kufika pa bwalo la mfumu, munthu asanagulitse ng'ombe yake kuti akakumbe dzenje.

NAMBALA YOSADZIWIKIRATU

Tiyambire pakhomo. Thadzi likakhalira mazira 10, palibe munthu amene anganeneretu kuti anapiye adzakhala angati. Cimene tidziwa ndi cakuti adzakhala pakati pa 0 ndi 10, ndipo sipadzakhala anapiye atatu ndi theka. Nambala yotere, yosadziwika lero koma yodzadziwika nthawi yake ikakwana, akatswiri a masamu amaicha m'Cingerezi random variable. Ife tiiche nambala yosadziwikiratu. Nambala zimenezi ziri za mitundu iwiri. Zina zimapimidwa, monga kulemera kwa nkhumba ndi kuculuka kwa mvula. Zina zimawerengedwa cimodzi-cimodzi, monga anapiye, ana a mbuzi, mbeu zomera ndi timibulu ta golide totsala m'beseni. Nkhani yathu iri pa zowerengedwa cimodzi-cimodzizi.

Wamasamu salosera kuti mawa kudzagwa ciani. Iye amalemba ndandanda wa zonse zimene zingathe kucitika, naika pambali pa ciri conse gawo lake la mwai, kotero kuti magawo onse akaphatikizidwa akwane cinthu cathunthu. Ndandanda umenewu ndiwo uchedwa probability distribution, kapena kuti kagawidwe ka mwai. Nzeruyi inayamba kukhazikika mu 1654, pamene Afalansa awiri, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pofuna kupeza njira yacilungamo yogawira ndalama za masewera a njuga amene adukizidwa pakati.

Naci citsanzo ca m'khola. Ng'ombe zinai ziri ndi bere, ndipo mwai wakuti thole libadwe lalikazi uli pafupi-fupi wofanana ndi wakuti libadwe lalimuna. Kodi mathole aakazi adzakhala angati? Njira zimene mathole anaiwo angabadwire ziripo 16. Njira imodzi ndiyo yakuti onse akhale aamuna. Njira zinai zipatsa lalikazi limodzi. Njira zisanu ndi imodzi zipatsa aakazi awiri. Njira zinai zipatsa atatu. Ndipo njira imodzi ipatsa aakazi okha-okha. Mukaphatikiza 1, 4, 6, 4 ndi 1 mupeza 16. Tanthauzo lake ndi lakuti pa makola 160 otere, makola ngati 10 adzaona mathole aamuna okha-okha popanda mfiti iri yonse kuyandikira kholalo. Masamu omwewa agwiranso nchito pa ana a anthu. Pa mabanja 16 a ana anai, banja limodzi liyembekezeka kukhala ndi atsikana okha-okha, ndipo mai wa m'banja limenelo alibe mlandu umene acibale a mwamuna angamuimbe.

MBEU PA PHANDO

Mlimi ali yense amacita masamu a mwai pa nthawi yobzala, ngakhale kuti sawachula dzina. Tiyerekeze mbeu ya cimanga imene pa njere 100 zimamera 90. Mukaika njere imodzi pa phando, mapando 10 pa 100 adzakhala opanda kanthu. Mukaika ziwiri, ndandanda wake ndi uwu: mapando 81 adzameretsa zonse ziwiri, mapando 18 adzameretsa imodzi, ndipo phando limodzi lokha ndilo lidzakhala lopanda kanthu. Tsono tiyerekeze mbeu yofumbwa imene pa 100 zimamera 60 zokha. Njere ziwiri pa phando zipatsa mapando 36 a ziwiri, 48 a imodzi, ndi 16 opanda kanthu. Kusiyana kwa phando limodzi ndi mapando 16 ndiko kusiyana kwa nkhokwe yodzala ndi nkhokwe yosadzala. Ndipo munthu angathe kudziwiratu mbeu yake mvula isanagwe: awerenge njere 100, azikulunge m'saka lonyowa pamthunzi, asalole kuti liume, nawerenge zomera patapita sabata imodzi.

Komatu masamu amenewa ali ndi lamulo lake. Amagwira nchito ngati njere iri yonse iri ndi mwai wake-wake, wosadalira inzake. Kukagwa cilala njere zonse zimafa pamodzi, monga tinaonera m'nyengo ya 2023 ndi 2024, pamene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi a cimanga ataonongeka pa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Njere ziwiri pa phando ziteteza ku mbeu yofooka, koma ku cilala cimateteza ndi kubzala mbeu zosiyana-siyana: mapira, cinangwa, nyemba ndi mbatata pambali pa cimanga.

MAENJE 100

Tsopano tibwerere ku Sasare ndi ndandanda wathu. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti njira ya kawerengedwe ioneke. Tinene kuti anthu 100 akumba dzenje limodzi ali yense, ndipo dzenje liri lonse lidya K3,000 pa cakudya, zitsulo, matoci, mayendedwe ndi kuperetsa miyala. Tinene kuti maenje 80 satulutsa kanthu, maenje 15 atulutsa golide wa K4,000, maenje anai atulutsa wa K20,000, ndipo dzenje limodzi litulutsa wa K100,000. Ndalama zonse zotuluka ndi K60,000 kuphatikizapo K80,000 ndi K100,000, ndizo K240,000. Tikazigawa mofanana pa maenje 100, dzenje liri lonse libweza K2,400. Nambala imeneyi, imene timaicha avereji, ndiyo ciyembekezo ceni-ceni ca wokumba, ndipo m'citsanzo cathu iri yocepa ndi K600 poyerekeza ndi zimene iye walowetsa.

Koma kodi m'mudzi mudzamveka mbiri yanji? Idzamveka ya uja mmodzi wa K100,000, amene wagula njinga yamoto ndi malata. Dzina lake lidzachulidwa pa msika ndi pamowa kucokera ku Petauke mpaka ku Nyimba. Aja 80 adzabwerera usiku mwakacetecete, ndipo palibe amene adzawawerenga, pakuti munthu salengeza umphawi wake. Motero mudzi wonse umaona mzere umodzi wa ndandanda, mizere inayo itabisika. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Mbiri ya migodi ya dziko lathu iri ndi maonekedwe omwewo. Zolembedwa za Boma zimasonyeza kuti golide anaoneka m'malo oposa 300 m'Zambia, koma oculuka a malowo sanasanduke migodi yeni-yeni. Pa migodi yakale, umene unatulutsa wambiri ndi wa Dunrobin kufupi ndi Mumbwa, makilogalamu 990, ndipo wa Sasare unatulutsa makilogalamu 390. Golide ameneyu kulemera kwake sikufika pa matumba asanu ndi atatu a cimanga a makilogalamu 50, ndipo popeza golide ndi citsulo colemera kopambana, yenseyo atasungunulidwa angangodzaza cigubu cimodzi ca malita 20. Zimenezo ndizo zinatuluka mu umodzi wa migodi yochuka ya dziko lino pa moyo wake wonse.

BESENI LIMODZI LIMANAMA

Pali mtundu wina wa kagawidwe ka mwai umene wokumba ali yense ayenera kuudziwa. Umenewu ndi wa zinthu zosowa, zimene zimagwa apa ndi apo, ndipo uchedwa ndi dzina la Mfalansa Siméon Denis Poisson amene anaulemba mu 1837. Mu 1898 katswiri wina, Ladislaus Bortkiewicz, anauyesa pa nkhani yodabwitsa: asilikali a ku Prussia amene anafa pomenyedwa ndi akavalo. Anatenga magulu 10 a nkhondo pa zaka 20, kuyambira 1875 mpaka 1894, zimene zinampatsa ziwerengero 200. Pa zimenezi, 109 zinalibe imfa, 65 zinali ndi imfa imodzi, 22 ziwiri, zitatu zinali ndi imfa zitatu, ndipo cimodzi cinali ndi zinai. Masamu a Poisson anapatsa pafupi-fupi 109, 66, 20, 4 ndi 1. Ngozi zimene munthu angati ziribe dongosolo zinapezeka kuti ziri kutsata ndandanda.

Timibulu ta golide m'dothi timamwazika cimodzi-modzi. Tiyerekeze dothi limene limapatsa kambulu kamodzi pa mabeseni awiri ali onse. Masamu a Poisson asonyeza kuti pa mabeseni 100 otsukidwa, 61 adzakhala opanda kanthu, 30 adzakhala ndi kamodzi, 8 ndi tiwiri, ndipo limodzi lidzakhala ndi titatu kapena kuposa. Dothi ndi lomwelo, koma amene dzanja lake lagwera pa beseni la titatu adzathamanga kukauza abale ake kuti wapeza cuma, ndipo amene watsuka beseni lopanda kanthu adzati malowo ndi acabe. Onse awiri anamizidwa ndi beseni limodzi.

Makampani akulu anadziwa kale bodza limeneli. Pa migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene makolo athu ambiri anapita kukagwira nchito, injiniya Danie Krige anasonyeza mu 1951 mmene masamu angathandizire kuyerekeza golide wa pansi pogwiritsa nchito zitsanzo zambiri za miyala, ndipo njira imene inamera pa nchito yake ichedwa kriging m'maiko onse. Kampani imaboola ndi kupima zitsanzo mazana-mazana isanaike ndalama zake m'dzenje. Nanga bwanji mlimi, amene cuma cake conse ndi ng'ombe ziwiri ndi ngolo, aziika pa umboni wa beseni limodzi?

Cinyengo cina ndi ca mtima umene umati: ndakumba maenje asanu osapeza kanthu, tsono lotsatira ndilo langa. Kobiri loponyedwa m'mwamba silikumbukira mbali imene linagwera poyamba, ndipo mwai sukhala ndi ngongole kwa munthu. Pa nkhani ya golide, maenje asanu opanda kanthu ali umboni wakuti dothilo ndi losauka. Cithumwa cogula sicingaonjezere kambulu ngakhale kamodzi m'mwala umene unaumbika anthu asanakhaleko. Cinyengo comweci cafika m'mafoni a ana athu ndi njuga ya mpira. Wolosera masewera 10 pa tikiti limodzi, ngati mwai wake pa masewera ali onse ndi theka, adzapambana kamodzi pa matikiti 1,024.

MAU A OTSUTSA

Ena adzati: inu olemba m'nyuzipepala, mwaiwala njala. Feteleza ndi wodula, mtengo wa cimanga sukhazikika, nchito za malipiro kulibe, ndipo ulimi nawonso ndi njuga, monga cilala ca 1992 ndi ca 2024 cinasonyezera. Mau amenewa ndi oona ndipo sayenera kupeputsidwa. Kukumba golide ndi nchito yolemekezeka ikacitidwa mwa lamulo, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2020 Bank of Zambia yakhala iri kugula golide wa m'dziko muno kuti asungidwe monga cuma ca dziko. Sindiri kunena kuti golide wa ku Sasare asiyidwe pansi.

Koma njuga ziwirizi ziri ndi ndandanda wosiyana. Munda umapatsa kanthu zaka zambiri, nulephera zaka zowerengeka. Dzenje la munthu mmodzi limalephera kawiri-kawiri, nilipatsa zambiri mwa kamodzi-kamodzi. Ndiponso m'ndandanda wa dzenje muli mzere umene ulibe mtengo wa kwaca: kugumukiridwa ndi dothi, makamaka m'dzinja pamene nthaka yafewa, ndi matenda obwera ndi mankhwala a mekyule amene ena amagwirira golide, amene amalowa m'thupi ndi m'mitsinje yomwe timamwa.

Tsono ngakhale avereji ya dzenje ikanakhala yoposa zolowetsa, funso lina likanatsalabe: kodi avereji imeneyo amalandira ndani? Jacob Bernoulli wa ku Switzerland anatsimikiza, m'buku limene linasindikizidwa mu 1713 iye atamwalira, kuti munthu akabwereza cinthu nthawi zambiri-mbiri zotsatira zake zimayandikira avereji. Lamuloli limakondera mwini maenje ambiri. Wogula golide, mwini cigayo ca miyala ndi wogulitsa cakudya pa msasa amadya kucokera ku maenje onse 100, cotero phindu lao ndi lokhazikika. Mlimi wa dzenje limodzi amaponya kobiri kamodzi kokha, ndipo m'citsanzo cathu mwai wake wobwerera cimanja-manja ndi 80 pa 100.

Apa ndipo pagona cifukwa ca masamu cokhalira m'makopaletivu, cimene Boma limalimbikitsa popereka zilolezo za migodi ing'ono-ing'ono kwa nzika za Zambia. Anthu 100 akagwirizana kuti zotuluka m'maenje ao zigawidwe, ali yense amalandira cinthu coyandikira avereji m'malo mwa zonse kapena cabe. Ndipo ngati avereji iri yocepera zolowetsa, gululo lidzazindikira msanga m'buku lake ndi kusiya malowo ng'ombe za anthu zisanathe. Mutu umodzi susenza denga.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, gulu liri lonse lokumba likhale ndi buku lolembamo dzenje liri lonse: masiku amene latenga, ndalama zimene ladya ndi golide amene latulutsa. Maenje opanda kanthu alembedwe mosamala koposa, pakuti ndiwo amene mbiri ya pakamwa imawataya. Pakutha pa cilimwe cimodzi buku limenelo lidzapatsa ndandanda weni-weni wa ku Sasare, umene udzalowa m'malo mwa manambala ongoyerekeza a pa tsamba lino.

Caciwiri, aphunzitsi a masamu m'masukulu a Petauke ndi Nyimba aphunzitse mutu umenewu ndi njere za cimanga, mazira ndi makobiri, ndipo asacite manyazi kuufotokoza m'Cinyanja ndi m'Cinsenga asanaulembe m'Cingerezi. Mwana amene wamvetsa angathe kukhala mlembi wa kopaletivu ya makolo ake.

Cacitatu, akatswiri a miyala a ku Unduna wa Migodi abweretse zimene adziwa za nthaka ya dera lino pamaso pa mafumu ndi anthu ao, m'cilankhulo cimene anthu amva, monga momwe alangizi a zaulimi amacitira ndi mbeu. Nayo Zambia Statistics Agency, imene inawerenga anthu a dziko lino mu 2022, ingathandize magulu a okumba kudziwa kasungidwe ka ziwerengero.

Cacinai ciri m'manja mwa banja liri lonse. Mwamuna ndi mkazi wake akhale pansi ndi kugwirizana cimene angathe kutaya popanda ana kugona ndi njala, ndipo cokhaco ndico cipite ku dzenje. Mbeu, ng'ombe zolimira, ndalama za sukulu ndi miyezi ya dzinja zikhale kunja kwa njuga iri yonse. Wofuna kukumba akumbe m'cilimwe, atakolola, ali m'gulu lokhala ndi cilolezo.

Inu makolo ndi inu anyamata, wina akadza ndi mbiri yakuti uje walemera ndi golide, musamtsutse, pakuti mwina ali kunena zoona. Mungomufunsa mafunso awiri: anapita angati, ndipo enawo anabwera ndi ciani? Wosatha kuyankha wakupatsani mzere umodzi wa ndandanda, ndipo mzere umodzi sukwanira kugulitsira ng'ombe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pacala ndi wa mphepo.